Fayilo ya Abiti Uladi

Gulu: Tikumbuke ntchito
Alimo: Enock, Lukiya, Sidik
Lachisanu

09:12 Lukiya: a Enock mafayilo aja ndamaliza kusefa. nkhani zonse zomwe agogo anatifotokozera za nthawi ya chipani chimodzi, za ku Ntaja ndi za kwa Nsamala zomwe

09:12 Lukiya: paliponse panali dzina la munthu pano pangolembedwa kt DZINA. monga tinawalonjezera eni ake

09:19 Enock: Zikomo Lukiya. Yoyamba kupita pa wailesi ndasankha fayilo 47, ya mayi amene mwamuna wawo anali telala. Ndawatumizira a Ethel ku situdiyo ku Liwonde gawo la tsiku lomwe anamugwira. Awerenga lero 3:30.

09:20 Enock: Ndikulowa msonkhano wa aphunzitsi kuno ku Phalula. Foni ikhala m'chikwama.

09:26 Sidik: chemwali, mafayilo onse aja wawerenga liti? ife kutaipa kokha zala zinatupa

09:27 Lukiya: ndani wanena kt ndawerenga achimwene 😂 ndimangoiuza kompyuta maonekedwe a chimene ndikufuna, iyo imalowa mufayilo iliyonse nkunditolera mizere yofanana nacho

09:28 Lukiya: grep -rnE "(Che|Abiti|Bambo|Mayi) [A-Z][a-z]+" nkhani/

09:28 Sidik: apa nkhuku yaponda pa foni yako?

09:29 Lukiya: imeneyo ndi regex inu. ikuti ndipezere Che kapena Abiti kapena Bambo kapena Mayi, kutsogolo kwake kukhale mawu oyamba ndi chilembo chachikulu. ndinawonjezera ndi mayina ena aja munanditumizira. ili ngati sefa basi, ufa udutse, madeya atsale

09:31 Sidik: sukulu ndi yabwino ndithu. ine wamkulu ndikuyenda padzuwa ndi rekoda, iwe uli pa fani ku Balaka

09:31 Lukiya: fani yake iti, magetsi azima 8 koloko

09:40 Sidik: koma 47 sinakuvutitse nkomwe. ndi ya anganga aja, Abiti Uladi. anthu akale aja dzina la munthu wamkulu satchula. amangoti amuna anga, alamu anga, atsibweni anga. ulemu wake ndi umenewo

09:41 Lukiya: dzina ngakhale limodzi?

09:41 Sidik: sindikukhulupirira. ine sindinalowe, anakana kt mwamuna asamve. anajambula ndi kutaipa ndi Janet asanasiye ntchito. ine ndinali pakhonde kucheza ndi eni nyumba

09:43 Lukiya: dikirani kaye

09:52 Lukiya: ndayang'ana. mu 47 kompyuta sinasinthe kanthu. yadutsa mmene inalili

09:53 Sidik: si zabwino zimenezo?

09:54 Lukiya: iyayi achimwene. ine ndinaiuza isake mayina. koma pa Ntaja munthu akati alamu anga, aliyense akudziwa kt ndi ndani

09:55 Sidik: koma dzina lawo mwini wake mulibemo. ndiye anthu adziwa bwanji kt akulankhula ndi ndani

09:56 Lukiya: telala amene anatengedwa chfkw chodula nsalu ya chipani pakati pa nkhope ya pulezidenti posoka diresi. pa Ntaja analipo angati?

09:59 Sidik: mmodzi. Che Swaibu

09:59 Sidik: ngakhale ana a dzana akuidziwa nkhaniyo

10:00 Lukiya: ndiye mwaona

10:04 Sidik: [mawu 0:41] Chemwali, usandiopseze m'mawa uno. Anganga ajatu akukhala pakhomo pa Che Usumani. Nyumba yawo inagwa ndi madzi aja, ndiye mwana wawo Zaina, amene anakwatiwa ndi mwana wa Che Usumani, anawatengera kumeneko. Zaina anatisiya chaka chatha. Panopa palibe chowamangirira pakhomo paja, akungowasunga mwa chifundo basi, ndi mdzukulu wawo Nafisa amene amawasamala. Maso sakuonanso bwino. Kwina kopita kulibe.

10:05 Sidik: komanso Che Usumani akudziwa kt lero kuli pulogalamu. sindikanajambula pakhomo pa munthu osamuuza. aitana anzawo akatuluka ku mzikiti ku Juma kt adzamvere limodzi. nanenso andiitana

10:06 Lukiya: mwawauza kt ndi nkhani ya anganga?

10:06 Sidik: anandifunsa maso ndi maso. ndikanati chani

10:07 Lukiya: ok. ndisake za chibale

10:15 Lukiya: grep -niE "(alamu|apongozi|asewere|atsibweni|akamwini) (anga|athu)" 47.txt

10:15 Lukiya: yatulutsa mizere 14. ndikuwerenga umodzi umodzi

10:24 Lukiya: palibe choopsa 🙏 alamu anga anandilimira munda, atsibweni anga anabisa mashini osokera, zotero basi. onse akuwayamikira

10:25 Sidik: alhamdulillah. mtima unali m'mwamba

10:25 Lukiya: wanganso. pepani pokudzidzimutsani

10:26 Sidik: ukaigulire chimanga nkhuku yako ija 😂

11:58 Sidik: ndikupita kukasamba, Juma yayandikira. foni ndizimitsa. iwe usaiwale kuswali

11:59 Lukiya: ndamva shehe

12:21 Lukiya: achimwene mwazimitsa kale?

12:22 Lukiya: ndimati ndingoiwerengako 47 ndikudya. Janet amataipa modabwitsa. akaimitsa rekoda amadinanso enter, ndiye mawu amodzi amadukira pakati, theka mzere uwu theka mzere winawo

12:23 Lukiya: grep imayang'ana mzere umodzi umodzi. ngati alamu ali kumapeto kwa mzere, anga ali koyambirira kwa winawo, singazione

12:23 Lukiya: ndiyesenso

12:29 Lukiya: grep -zoiE "(alamu|apongozi|asewere|atsibweni|akamwini)\s+(anga|athu)" 47.txt

12:29 Lukiya: pano ikutenga fayilo yonse ngati mzere umodzi. zatuluka 16. ziwiri zinabisala

12:33 Lukiya: a Enock

12:33 Lukiya: a Enock plz tsegulani foni

12:34 Lukiya: [foni yosayankhidwa kwa Enock]

12:35 Lukiya: onani izi

12:35 Lukiya:
"amene anakanena ku ofesi ya chipani ndi asewere
anga omwe akundisungawa. nthawi imeneyo ana athu
anali asanakwatirane. ndinawaona ndi maso angawa
akulowa, kachidutswa ka nsalu kaja kali m'manja.
mawa lake galimoto inabwera"

12:36 Lukiya: asewere awo ndi Che Usumani a Enock. ana awo ndi amene anakwatirana. ndi mwini nyumba imene akukhalamo

12:36 Lukiya: ndipo izi zili pa tsiku lomwe anamugwira. ndi gawo lomwe mwatumiza lija

12:37 Lukiya: [foni yosayankhidwa kwa Enock]

12:37 Lukiya: [foni yosayankhidwa kwa Sidik]

12:41 Lukiya: nambala ya a Ethel ndilibe. muli nayo ndinu nokha

12:48 Lukiya: ndayimba nambala ija amalengeza pa wailesi. ikungolira. ndikuganiza amaiyankha nthawi ya moni yokha

12:49 Lukiya: ndawalembera pa peji yawo. uthenga womaliza anayankha mwezi watha

12:55 Lukiya: ndikulankhula ndekha mu gulu muno ngati wamisala

12:56 Lukiya: ndikupita ku Liwonde. laputopu ili pa 19%

13:14 Lukiya: ndili mu minibasi pa depoti. tili anthu anayi. kondakitala akuti tinyamuka pompano, koma dalaivala akudya chipisi

13:27 Lukiya: sitinanyamuke

13:38 Sidik: ndatuluka. ndikuwerenga

13:40 Sidik: innalillahi

13:40 Sidik: Che Usumani??

13:41 Sidik: ndinaswali nawo mzere umodzi pompano. andigwira dzanja, akuti usachedwe mwanangu

13:42 Lukiya: achimwene ndili ndi mantha. ndine ndinauza a Enock kt zonse zili bho

13:43 Sidik: zimenezo tidzakambirana. uli pati

13:43 Lukiya: tanyamuka kumene. tikutuluka mu Balaka

13:45 Sidik: ndipite ndikawanamize kt pulogalamu yasinthidwa tsiku? kapena ndikachotse mabatire mu wailesi yawo

13:46 Lukiya: nanga ya pa chigayo? ya kwa ometa? Ntaja yonse muichotsa mabatire? pofika swala ya Magharibi dzuwa likulowa nkhani ikhala itafika pakhomopo ndi miyendo yake

13:46 Sidik: zoona

13:47 Lukiya: pitani mukakhale pafupi ndi anganga. ngati mungathe muwafunse kt akufuna titani. nkhani ndi yawo

13:47 Sidik: ndikukwera kabaza

14:09 Lukiya: taima pa rodibuloko. akutsitsa matumba a makala onse

14:10 Lukiya: ndatsegula laputopu pamiyendo. malo achiwiri ali kumapeto kwa gawo lomwelo, akuti "asewere anga amandipatsa moni m'mawa uliwonse, ine ndimayankha". ndakopera ziwiri zonse pa foni. yazima pa 6%

14:11 Lukiya: mayi ali pambali panga akundifunsa ngati ndikudwala

14:24 Sidik: ndafika. ayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. abwera kale azibambo asanu. wailesi aiika pa mpando, aiyalira kansalu

14:25 Sidik: anganga avala chitenje chatsopano. Nafisa anawagulira chfkw cha lero

14:25 Lukiya: musandiuze zimenezo

14:39 Sidik: [mawu 0:58, monong'ona] Ndawapeza okha kuseri, Nafisa anawaperekeza kukatawadha kuti aswali. Ndawauza pang'onopang'ono. Chemwali, anangondigwira mkono. Akuti, "Mwanangu, mtsikana uja anati mayina muchotsa. Ine ndinasamala, dzina sindinatchule ngakhale limodzi." Ndawafunsa kuti ndiye tichite bwanji. Akuti, "Za amuna anga ziwerengedwe, anthu amve kuti anali munthu, sanali mbuzi yongosowa. Koma zinazo ayi. Nafisa ndi magazi awo, ndi magazi anganso. Ndipo ine ndikachoka pano ndipita kuti?" Basi Nafisa anabwera, ndinasiyira pomwepo.

14:41 Lukiya: ndamva

14:41 Lukiya: ndikulira mu minibasi ya anthu

14:42 Sidik: lira ukafika. uli pati

14:42 Lukiya: ndikuona mlatho

14:58 Lukiya: ndatsika. ndili pa kabaza

15:06 Lukiya: ndili pa geti. alonda akuti a Ethel ali kale mu situdiyo, akuyendetsa pulogalamu ya nyimbo mpaka 3:30 kenako alowa yathu osatuluka. akuti mlendo salowa popanda womuitana

15:07 Lukiya: ndawaonetsa ID. akuti dikirani

15:09 Enock: Ndangotsegula foni. Ambuye. Ndinaiwerenga ndekha fayiloyo, ndinaona kuti mulibe dzina, ndinati ili bwino.

15:09 Enock: Ndikuyimbira a Ethel.

15:11 Enock: Yazimitsidwa. Mu situdiyo salola foni. Ndikuyesa bwana wawo.

15:12 Sidik: kuno anthu akwana khumi ndi awiri. Che Usumani akuwauza kt lero mumva mbiri ya asewere anga, anavutika mayi ameneyu

15:12 Lukiya: achimwene plz

15:13 Sidik: ndikungokuuza zomwe zilipo

15:16 Enock: Bwana wawo ali ku Zomba koma wayimbira alonda. Lowa Lukiya. Ngati sizitheka auze aike nyimbo, pulogalamu yonse iimitsidwe. Ndidzayankha ine.

15:17 Sidik: ikaimitsidwa anthu awa afunsa chifukwa. ndipo anganga akufuna ya amuna awo imveke

15:17 Enock: Chabwino. Chotsani chowaloza munthuyo, nkhani isiyeni.

15:19 Lukiya: ndalowa. ndikuwaona pagalasi. ali ndi mahedifoni, mapepala ali patebulo. anaprinta kale

15:20 Lukiya: ndikuwakupizira manja, akungondimwetulira. akuganiza ndine fani

15:22 Lukiya: ndalemba pa foni zilembo zikuluzikulu kt MAPEPALA A 3:30 ALI NDI VUTO, ndagunditsa pagalasi

15:23 Lukiya: aika nyimbo. akutuluka

15:24 Sidik: ikumveka kuno. ndi yaitali?

15:24 Sidik: chemwali

15:28 Lukiya: ndakhwatcha ndi bolopeni. masamba asanu ndi limodzi, opanda manambala a mizere, ndimasaka ndi chala. poyamba paja ndalemba "munthu wina", za kuwasunga ndi za ana kukwatirana ndachotsa. pachiwiri ndakhwatcha mzere wonse

15:28 Lukiya: abwerera mkati

15:29 Enock: Wapeza zonse ziwiri?

15:29 Lukiya: ziwiri zomwe regex inapeza. ngati pali china chimene sindinaganize kusaka, sindikudziwa a Enock. masamba awiri apakati sindinawerenge bwino

15:30 Sidik: yayamba

15:33 Sidik: a Ethel akuwerenga za shopu ya Che Swaibu, kt amasoka mayunifolomu a sukulu yonse

15:34 Sidik: mkulu wina akuti eya, yanga anasoka ndi iyeyo

15:36 Sidik: anganga akugwedeza mutu. akumwetulira

15:39 Lukiya: ndakhala pansi pakhonde la situdiyo. sipika ili pamwamba panga. atembenuza tsamba lachitatu

15:41 Sidik: afika pa nsalu

15:42 Lukiya: ndi tsamba limenelo

15:43 Sidik: "amene anakanena ku ofesi ya chipani ndi munthu wina"

15:43 Sidik: adutsapo

15:43 Enock: Mulungu ngwabwino.

15:44 Lukiya: ndikadali pakhonde pano, ndikumvetsera

15:44 Sidik: koma apitiriza kt "ndinawaona ndi maso angawa akulowa, kachidutswa ka nsalu kali m'manja"

15:45 Lukiya: pamenepo ndinasiya. sipakuloza munthu

15:45 Sidik: ndikudziwa

15:46 Sidik: Che Usumani anali ndi tasbihi m'manja. asiya kuwerenga mikanda yake

15:46 Sidik: ndikuganiza sankadziwa kt anaonedwa

15:47 Lukiya: ena aona?

15:47 Sidik: iyayi. onse maso ali pa wailesi

15:55 Lukiya: tsamba lomaliza. adumpha mzere uja bwinobwino

15:58 Enock: Yatha. Lukiya, Lolemba tikhala pansi, mafayilo onse tiwerenga ndi maso, ndipo wa ku Ntaja awerenge za ku Ntaja. Palibe ina ipite pa wailesi tisanatero.

15:59 Lukiya: eya. a Ethel andipatsa madzi

16:01 Sidik: kuno anthu akuwagwira dzanja anganga. Nafisa wabweretsa tiyi

16:03 Sidik: azibambo ayamba kukangana kt munthu winayo angakhale ndani. wina akuti anali wa ku boma, wina akuti telala mnzake wansanje

16:04 Sidik: Nafisa wagwada pafupi nawo. akuti anganga, ndiye kuti mumamudziwa. munamuona. anali ndani?

16:04 Lukiya: ayankha chani

16:05 Lukiya: achimwene

16:07 Lukiya: ayankha chani

16:09 Lukiya: [foni yosayankhidwa kwa Sidik]

16:12 Enock: A Sidik, tiuzeni. Ngati pakufunika galimoto ndipeza.

16:15 Lukiya: [foni yosayankhidwa kwa Sidik]

16:16 Lukiya: ndiwauze mayi akonze chipinda changa chija? atha kukhala kwathu

16:24 Sidik: pepani. sindikanagwira foni pamaso pa anthu onse aja

16:24 Sidik: anganga nkhope analozetsa kumene kunali Che Usumani, ngakhale sindikudziwa ngati amawaona

16:25 Sidik: kenako akuti, ndakalamba mwanangu, ndinaiwala

16:25 Lukiya: basi?

16:26 Sidik: kenako akuti, asewere, tandipatsirani shuga

16:27 Sidik: Che Usumani adzuka okha, mbale aigwira ndi manja awiri. pofika pa anganga theka la shuga linali litatayikira pamphasa